Amuna Anga Anatsala pa Lamba wa Katundu ku Dubai

Abale ndi alongo a mu mphakati wathu, ndi inu nonse amene mawuwa akupezeni pa foni, mtendere wa Ambuye ukhale m'nyumba zanu. Ine ndine Agnesi Phiri, mkazi wa malemu Dominiko Mbewe, amene ambiri a inu munkawadziwa ngati aphunzitsi a masamu kuno ku Chipata. Mwakhala mukundifunsa, ena pamaso, ena kudzera mwa anzanga, kuti chinachitika n'chiyani chaka chatha pamene maliro a amuna anga analengezedwa koma osaikidwa. Ena munamva zoti ndinawataya pa ulendo. Mawu amenewo si abodza kwenikweni. Lero ndapeza mphamvu yofotokoza ndekha, kuti mudziwe pamene Mulungu ananditola.

Amuna anga anadwala impso kwa nthawi yaitali. Tinayenda nawo kuchipatala cha kuno, kenaka ku Lusaka, mpaka madokotala anatiuza kuti thandizo lotsala lili ku India. Abale, a mpingo ndi aphunzitsi anzawo anatigwira dzanja, ndipo tinanyamuka awiri. Ine ndinali ndisanakwerepo ndege. Popita, zonse ankayendetsa ndi iwo ngakhale anali wodwala: mapasipoti anali m'thumba mwawo, oyankha mafunso anali iwo, ine ndinkangotsatira pambuyo ndi chikwama cha mankhwala. Tinasintha ndege ku Dubai osaiona n'komwe sutukesi yathu, koma titafika ku India inatuluka yokha pa lamba uja amazungulira ndi katundu. Iwo anaseka mofooka, n'kunena kuti, "Mwaona aNaphiri, katundu amadziwa njira yake." Mawu amenewo ndinawasunga ngati lamulo la ndege zonse.

Za kuchipatala sindinena zambiri. Madokotala anayesetsa, koma thupi linali litatopa. Iwo anadziwa ine ndisanavomereze. Masana ena anandiuza kuti ndikhale pafupi, ndipo anayankhula pang'onopang'ono, akupumira m'kati mwa mawu.

"Mukafuna kunyamula thupi langa lonse, nyumba ipita, ana asiya sukulu. Kuno anthu amawotcha maliro. Mundiwotche, mundinyamule, mukandiike pafupi ndi atate ku Chiparamba."

Ndinakana mpaka kutuluka panja. Iwo anaitanitsa wansembe wa pachipatalapo, amene anandifotokozera mofatsa kuti Mpingo sukana zimenezo, bola phulusalo likaikidwe m'manda mwaulemu ngati munthu aliyense wobatizidwa. Kenaka anaimbira foni akulu awo, alamu anga aGabiriyele, ine ndikumva, n'kuwauza zomwezo. Alamu anavomera. Patapita masiku ochepa, m'mawa wina kuwala kwa dzuwa kutangofika pawindo, amuna anga anatisiya.

Kumalo owotcherako sindinayang'ane. Ndinangokhala pa benchi panja ndi korona m'manja. Pambuyo pake anandipatsa chitini chachitsulo chomata, chachikulu ngati cha mkaka wa ufa, pamodzi ndi mapepala a imfa ndi a kuwotchako. Chinali cholemera kuposa mmene ndinkaganizira. Sichinali chotentha, koma manja anga ankamva kutentha.

Kunyumba ya alendo kumene ndinkagona kunali mayi wina wa dziko lina la mu Africa muno, amenenso anabwera kudzadwazika mwana. Anandiuza kuti pa bwalo la ndege amatsegula chikwama chilichonse cha m'manja, ndipo akaona chitini chomata akhoza kuchiboola anthu akuona. Sindikumuimba mlandu, ananena zimene iye ankadziwa. Ine nditaganiza za munthu wachilendo akupisa chala mwa amuna anga, ndinati zimenezo sizichitika. Ndinakulunga chitinicho mu juzi yawo ya bulauni, n'kuchiika pakati penipeni pa sutukesi yathu ya buluu, zovala zawo pansi, zanga pamwamba. Mapepala onse ndinaika m'chikwama cha m'manja.

Matikiti athu obwerera anali atatha kale ntchito chifukwa tinakhalitsa. Alamu anandipezera ena mwachangu, koma anali awiri osiyana, a makampani awiri osagwirizana: ina yochokera ku India kukafika ku Dubai, ina yochokera ku Dubai kudzafika ku Lusaka. Ine sindinadziwe kuti zimenezo zili ndi tanthauzo. Pa kauntala yoperekera katundu, mtsikana wa pamenepo anamata kapepala pa sutukesi, kena kakang'ono kuseri kwa pasipoti yanga, n'kuyankhula Chingerezi chothamanga akuloza kapepalako. Ndinamva mawu akuti Dubai, ndinamvanso akuti Lusaka, ndipo ndinagwedeza mutu. Lero ndimakhulupirira kuti ankandichenjeza. Koma tsiku limenelo m'mutu mwanga munali ngati mwadzaza madzi. Ndinangoyang'ana sutukesiyo ikuyenda pa lamba mpaka inalowa kuseri kwa katani ya labala.

Ku Dubai ndinatsatira anthu ndi mivi ya pakhoma mpaka ndinapeza pomwe anandipatsa chiphaso chokwerera ndege yachiwiri. Bambo wa pamenepo anandifunsa ngati ndili ndi katundu wina. Ndinayankha kuti ayi, watsogola kale ku Lusaka. Kenaka ndinakakhala pafupi ndi galasi lalikulu, kuyang'ana timagalimoto tonyamula masutukesi tikuyenda pansi pa mapiko a ndege. Mumtima ndinkayankhula nawo amuna anga, kuwauza kuti tapita patali, tatsala pang'ono kufika. Ichi n'chimene chimandivuta mpaka lero, abale anga. Nthawi yonse imene ndinakhala pa mpando uja, iwo anali m'nyumba yomweyo, pansi pa mapazi anga, akuzungulira pa lamba, kudikira kuti ndibwere ndiwatenge. Ndege itaitanidwa ndinadzuka, n'kukwera, n'kuwasiya.

Ku Lusaka ndinaima pafupi ndi lamba pamodzi ndi anzanga a mu ndege. Aliyense ankatola wake n'kumapita. Masutukesi a buluu anadutsa angapo, koma palibe inali yathu. Anthu anachepa, n'kutsala ine ndi katoni imodzi yong'ambika imene inkabwera n'kupita. Kenaka lambayo anaima. Phokoso la kuima kwakeko silinandichoke m'makutu.

Mu ofesi ya katundu wosowa, mayi wa pamenepo anayang'ana kapepala ka kuseri kwa pasipoti kaja, n'kundionetsa zilembo zitatu zimene zinali pamenepo. Anati zimenezo zikutanthauza Dubai. Sutukesiyo inalembedwa kuti itsikire kumeneko, chifukwa tikiti yoyamba inathera kumeneko. Ine ndinkayenera kuitenga, kudutsa nayo kwa a kasitomu, n'kuiperekanso ku kampani yachiwiri, kapena kuonetsa kapepalako pomwe anandifunsa za katundu paja kuti andithandize. Anandifunsa ngati munali zinthu zodula. Ndinati, "Muli amuna anga." Mayiyo anaika cholembera pansi, kenaka anachitolanso. Anandilembera manambala a kampani yoyamba ija, imene kuno ku Zambia ilibe ofesi, n'kundiperekeza mpaka pakhomo.

Panja panali alamu aGabiriyele ndi galimoto yobwereka, ndipo kumbuyo kwake kunali bokosi la maliro lathunthu, la munthu wamkulu. Apa m'pamene ndinadziwa kuti kumudzi sanawauze za kuwotcha. Anaopa mayi awo. Maganizo awo anali oti tiike chitini m'bokosimo, tikhomere, tikanene kuti malamulo a ndege salola kutsegula. Nditawauza kuti ngakhale chitinicho palibe, anakhala pansi pa matayala, manja kumutu. Tinadikira ku Lusaka masiku angapo, tikumapita ku bwalo la ndege ndege iliyonse ya ku Dubai ikatera. Koma tsiku la maliro linali litanenedwa kale, anthu anali atasonkhana ku Chiparamba, ndipo adzukulu anali atakumba manda. Tinalibenso pobisala.

Ulendo umenewo sindidzauiwala. Tinawoloka Luangwa, kudutsa Nyimba, Petauke, Katete, bokosi lopanda kanthu likugogoda kumbuyo pa bampu iliyonse. M'mbali mwa msewu azibambo ankavula zipewa, azimayi ankaima ndi mitolo yawo pamutu mpaka titadutsa. Pa rodibuloko ina wapolisi anangosuzumira, n'kutipepesa, n'kutiuza kuti tipite. Anthu onsewo ankalemekeza mpweya. Ine ndinafunda chitenje kumaso.

Titalowa m'mudzi, azimayi anathamangira galimoto akulira. Azibambo anakwera kuti atsitse bokosi, ndipo atalinyamula anayang'anana. Linakwera m'mwamba mosavuta ngati dengu. Kulira kunayamba kuzima kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, mpaka kunangotsala mawu a mbuzi. Ndinalowa m'nyumba ya siwa, ndinagwada pamaso pa apongozi anga aNabanda, mayi wobereka amuna anga, n'kuwauza zonse kuyambira pachiyambi. Anandimvetsera osandidula.

"Ndiye mwana wanga munamuwotcha."

"Anapempha okha, Amayi. Alamu anamva."

Alamu anavomera, koma ndi mawu otsika kwambiri moti a pakhomo sanamve. Apongozi sanawayang'ane n'komwe. Maso awo anali pa ine.

"Chabwino. Nanga phulusalo lili kuti?"

Ndikanawauza bwanji kuti mwana wawo ali m'sutukesi, m'dziko la mchenga, pakati pa katundu wa anthu osawadziwa?

Akuluakulu a pamudzi anakhala pansi n'kugwirizana kuti manda sangakhale apululu, ndipo mwa mwambo wathu, munthu akasowa mtembo timaika thunthu la nthochi m'malo mwake. Anyamata anali atanola kale chikwanje. Apongozi anatuluka m'nyumba, anayenda mpaka kumanda, n'kukhala pa mulu wa dothi lofiira lija. Anati, "Ine sindinabale nthochi." Palibe amene anatha kuwasuntha. Pomaliza adzukulu anavundikira dzenjelo ndi malata akale n'kutsendereza ndi miyala, bokosi analiika m'kanyumba kosungiramo mtedza, ndipo anthu anabalalika osatsanzikana bwino.

Kuyambira pamenepo ndinakhala munthu wopanda dzina. Sindinali mkazi wa munthu, komanso sindinali wamasiye weniweni, chifukwa mwambo wa kumeta sukanachitika maliro asanaikidwe. Nditabwerera kuno ku tawuni, mphekesera zinali zitafika kale. Ena ankati ndinagulitsa thupi lawo kwa madokotala a ku India. Ena ankati ali moyo, anapeza mkazi wina kumeneko, ndipo ine ndikubisa manyazi. Pa msika azimayi amene ndinkaimba nawo kwaya ankandipatsa moni maso ali pa tomato.

Koma anthu sanandizunze ngati mmene inandizunzira sutukesi ija. Inkanditsata masana dzuwa likuswa mtengo. Ndikapita kuchigayo, lamba wa injini akayamba kuzungulira, ndinkaiona ikubwera n'kupita, ndipo ndinkatuluka kusiya chimanga changa pa mzere. Pa siteshoni ya mabasi, sutukesi iliyonse ya buluu inkandiimitsa mtima, moti tsiku lina ndinatsatira mtsikana wasukulu mpaka pa njinga ya kabaza ndisanazindikire chimene ndikuchita. Madzulo aliwonse, nthawi imene amuna anga ankabwera kuchokera kusukulu, ndinkamva kutsokomola kwawo kuchipinda. Ndinkadziwa kuti kulibe munthu, komabe ndinkapita kukasuzumira. Sindinkawaopa iwo. Chimene chinkandiopsa n'chakuti kutsokomolako kunkamveka ngati kwa munthu amene waima pakhomo la eni, akudikira kuti wina amuone.

Pemphero linauma. Ndinkagwira korona, zala zikuyenda pa mikanda, pakamwa popanda mawu. Pa Misa, wansembe akamatchula akufa amene agona mu mtendere, ine ndinkadzifunsa kuti anga agona kapena akadali pa ulendo. Mawu okhawo amene ndinkatha kunena anali akuti: Ambuye, wamoyo simunandibwezere, ndavomera. Ndibwezereni wakufayo.

Alamu, kunena zoona, sanagone. Ankaimba mafoni ndi kutumiza mauthenga tsiku ndi tsiku. Patapita masabata angapo yankho linabwera. Sutukesiyo inapezeka, koma inali m'manja mwa a kasitomu. Makina awo ounikira anaonetsa chitini chomata chokhala ndi ufa wosadziwika, popanda pepala lililonse lofotokoza, ndiye sakanaitumiza pa ndege iliyonse. Mwini wake, kapena munthu womutuma mwalamulo, ankayenera kufika yekha ndi mapepala enieni, osati zithunzi za pa foni. Pansi pake panali mawu ena akuti katundu wosatengedwa akakhalitsa amawonongedwa. Ndinafunsa alamu kuti amawononga bwanji. Ndisanamalize kufunsa, ndinadziwa ndekha. Amuna anga akanapsa kachiwiri, ulendo uno pamodzi ndi zinyalala.

Njira yopitira ku Dubai ndinalibe. Zonse zimene tikanagulitsa zinapita ndi matenda, ndipo anthu amene anatithandiza poyamba sindikanawagogoderanso. Mitambo inali itayamba kusonkhana kumapiri. Uthenga unabwera kuchokera ku Chiparamba wakuti apongozi amapita kumanda m'mawa uliwonse kukaona ngati malata sanasunthe, ndiponso kuti fumbi ndi makoswe zikuwononga bokosi, ndiye nditumize nsalu yovundikira.

Nsalu imeneyo ndi imene inandilowetsa m'shopu ina ya kumashopu akumunsi, imene ndinali ndisanalowemo. Mwini wake anali mayi wachisilamu wa msinkhu wanga, wovala mpango wakuda, dzina lake Amayi Asiyatu. Akundiyezera nsalu, maso anga anagwa pa masutukesi akuluakulu amene anaunjikidwa kuseri kwa kauntala. Pa zigwiriro zake panali timapepala ta ndege tosachotsa, ndipo pa kena ndinawerenga zilembo zitatu zomwe zija. Ndinapezeka nditakhala pansi pa simenti.

Amayi Asiyatu sanaitane anthu. Anatseka chitseko theka, anandipatsa madzi, n'kukhala pa mpukutu wa nsalu pafupi nane. Ndinawauza zonse, zimene ndinali ndisanauzepo ngakhale anzanga a mu kwaya. Nditafika pa za kuwotcha anatseka maso, ndipo ndinaganiza kuti basi, andituluka. Atatsegula anati:

"Kwathu sitiwotcha munthu, achemwali. Sindikunamizani, zandilowa m'mafupa. Koma munthu sagona m'chipinda cha katundu. Bambo anga anachoka ku Mangochi kupita ku Joni ine ndili wamng'ono, anafera komweko, ndipo manda awo palibe amene amawadziwa. Amayi anga anamwalira akufunsabe. Ine ndikupita ku Dubai sabata yamawa kukaoda katundu. Mundipatse mapepalawo."

Musaganize kuti ndinalumpha ndi chimwemwe. Mapepala amenewo anali umboni wokhawo wakuti amuna anga anamwaliradi, ndiponso kuti ine sindinagulitse munthu. Kuwapereka kwa mayi amene ndinamudziwa tsiku lomwelo kunali ngati kuika sutukesi ina pa lamba. Alamu anakana, anati tifufuze kaye. Ine ndinapita kutchalitchi masana, kopanda anthu, ndinakhala kutsogolo kwa tabernakulo mpaka mthunzi unasuntha pakhoma. Sindinamve mawu aliwonse. Ndinangozindikira kuti kwa nthawi yoyamba chibwerere ku India, mtima wanga sukuthamanga. M'mawa mwake tinapita ndi Amayi Asiyatu kukalembetsa chikalata chowatuma m'malo mwanga, chinadindidwa, ndipo ndinawapatsa zonse m'manja.

Atanyamuka kunali zii. Tsiku loyamba palibe uthenga, lachiwiri chimodzimodzi. Foni yawo sinkapezeka. Alamu sananene kuti ndinakuuzani, koma nkhope yawo inkanena. Mvula yoyamba inawaza pang'ono ku tawuni kuno, ndipo ndinaima pakhonde ndikuganiza za malata aja ndi madzi akulowa m'mbali. Kenaka, masana ena ndikuchapa, foni inalira ndi nambala yachilendo.

"Achemwali, ndine Asiyatu. Ndili nawo."

Ndinangogwada pomwepo, m'madzi a sopo.

Ndinakawachingamira ku Lusaka. Anachedwa kutuluka chifukwa a kasitomu ndi a zaumoyo a kuno nawonso anafuna kuona mapepala, ndipo zonse zinali m'malo mwake. Atatulukira pakhomo, katundu wawo ankakankha ndi munthu wina. Iwo anali atakumbatira kachikwama kakuda, momwe munali chitini chija, pachifuwa ndi manja onse awiri. Anandiuza kuti ulendo wonse sanakaike m'kabati ya pamwamba kapena pansi pa mpando, anakanyamula pamiyendo, ndipo chakudya cha mu ndege anakana chifukwa analibe poika mbale. Pa makina ounikira palibe amene anaboola chitini. Anangowerenga mapepala n'kuwalola kudutsa. Sutukesi ya buluu nayonso inabwera. Pambuyo pake ndinamva kwa mtsikana wogwira ntchito mu shopu yawo kuti anasiya mtolo wawo umodzi wa nsalu ku Dubai kuti sikelo ilole sutukesi yanga. Iwo sanandiuzepo.

M'basi yobwerera ku Chipata anandifotokozera mmene zinayendera. Anafika maofesi atatseka chifukwa cha masiku opuma a kumeneko, kenaka anawatumiza khomo ili ndi ilo, foni itawathera moto. Pomaliza anafika m'chipinda chachikulu chopanda mawindo, chodzaza masutukesi ounjikana mpaka kudenga. Wa kasitomu wa pamenepo, bambo wa imvi, atawerenga mapepala sanapite ku mulu uja. Anawatengera pakona, pomwe panali shelefu yapamwamba. Sutukesi ya buluu inali pamenepo yokha, popanda kanthu pamwamba pake, itavundikiridwa ndi nsalu yoyera. Bamboyo anati tsiku limene anaiunika anakayikira chimene chili m'chitinimo. Lamulo silinkamulola kuitumiza, koma mtima sunamulole kuisiya pansi kuti ena aziipondereza.

Ku Chiparamba tinafika m'mawa. Ulendo uno kunalibe khamu, kunali abale, a mphakati wa kumeneko ndi bambo mfumu. Ndinagwada pamaso pa apongozi n'kuwapatsa chitini chija, chikadali mu juzi ya bulauni. Ananunkhiza juziyo nthawi yaitali. Kenaka anachiyeza m'manja, kuchikweza ndi kuchitsitsa pang'ono, n'kunena kuti, "Tsiku limene anabadwa ankalemera chonchi." Adzukulu atabweretsa bokosi, apongozi anawauza kuti litsogole. Anapempha chitenje, anawerama, ndipo ine ndinawaika mwana wawo kumbuyo, iwo n'kumanga mfundo pachifuwa. Anayenda choncho kuchokera pakhomo mpaka kumanda, pang'onopang'ono, ife tonse tikutsatira ndi nyimbo. Atachotsa malata, m'dzenjemo munali mouma. Apongozi anamasula okha chitenje, anaika chitini m'bokosi ndi manja awo, ndipo amuna anga anagona pafupi ndi atate awo monga anapempha.

Amayi Asiyatu anabwera, koma kumanda sanalowe, chifukwa kwawo azimayi safika kumeneko. Anaima kumsewu pansi pa mtengo wa mango mpaka tinamaliza. Pobwerera apongozi anapatuka, n'kukawagwira manja onse awiri. Madzulo ake anandiitana n'kundimeta okha. Kutsokomola kuja sindinakumvenso. Lamba wa kuchigayo yekha ndi amene mpaka pano sinditha kumuyang'ana, ndimangopereka thumba n'kukadikira panja.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wosatha kupemphera. Ndikuthokoza alamu aGabiriyele amene sanatope kuimba mafoni, apongozi anga amene anakana kukwirira manda chiyembekezo chitatha kwa ife tonse, ndi achemwali anga Asiyatu, amene sitipemphera nyumba imodzi koma ananyamula mtanda wanga pamiyendo pawo. Kwa inu amene mudzakwere ndege zosinthasintha, musachite manyazi kufunsa kawiri kapena katatu kuti katundu wanu walembedwa kukatsikira kuti, ndipo ngati simunamve, nenani kuti simunamve. Chimene simungathe kuchigulanso, chinyamuleni m'manja pamodzi ndi mapepala ake.

Ndipo kwa inu amene muli ndi dzenje lanu lovundikira ndi malata, kaya ndi matenda, kaya ndi mwana wosowa, kaya ndi nkhani imene anthu anaiweruza kale, musafulumire kukwirira. Pitirizani kupemphera ngakhale ndi mawu awiri okha. Nthawi yonse imene ine ndinkalira kuti amuna anga atayidwa ngati chinyalala, munthu wina amene sindidzamuona, amene dzina lake sindilidziwa, anali atawanyamula kale n'kuwaika pamwamba, n'kuwafunditsa nsalu yoyera. Lamlungu lililonse ndimamupempherera bambo ameneyo. Nanunso mukakumbuka, mumutchule.